Akatuluka ku Maula: kabuku ka banja lolandira m'bale wochokera kundende

Tsiku lotuluka

Munthu akamatuluka pachipata cha ndende ya Maula, katundu wake yense amakwana m'jumbo imodzi. Buluku lomwe anavala tsiku lomangidwa limakhala likukhwepa m'chiuno, nsapato mwina zinasowa kalekale, m'thumba mulibe ngakhale ya minibasi. Ambiri amauyamba wapansi ulendo wa ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Area 23, ndipo akamayandikira kwawo amachedwa dala m'njira, kudikira kuti kude kaye, kuopa maso a amayi a pakiyosiki yamadzi ndi anyamata a pa okala.

Kabuku aka ndi ka inu amene muli kunyumba: amayi ake, akazi ake kapena amuna ake, amalume, alongo, ngakhalenso alandilodi ndi akulu a mpingo. Ndakalemba nditalandirapo mwana wa achemwali anga yemwe anakhala kundende zaka zitatu, ndipo malangizo ena ali muno ndinawadziwa nditayamba ndalakwitsa.

Ngati mwadziwa tsiku, pitani mukamutenge. Nyamulani malaya ochapa ndi patapata. Bwerani naye masana, mukuyenda naye limodzi, mukupereka moni kwa aliyense monga mwa masiku onse. Anthu a m'dera amaonera kwa eni ake. Mukamulowetsa m'nyumba mozemba ngati katundu wakuba, nawonso adzamuona choncho.

Funsani pepala losonyeza kuti watuluka mwalamulo ndipo mulisunge pabwino. Lamulo limalola kuti mkaidi wa khalidwe labwino achotseredwe gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Ena amakhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko pa nyengo ngati ya 6 July, Khrisimasi kapena Pasaka. Enanso anali pa limandi chabe, khoti lawapeza osalakwa kapena lawapatsa belo. Anthu akunja zimenezi sazidziwa. Wogamulidwa zaka 6 akaoneka pakhomo patangotha zaka 4, manong'onong'o amayamba oti wathawa kapena wahonga. Choncho sabata yoyamba isanathe mupite naye kwa amfumu a m'dera lanu, awone pepalalo ndi maso awo. Ngati ali pa belo, lembani pakalendala masiku okaonekera kupolisi ndi kukhoti. Kuphonya tsiku limodzi kumabweza munthu m'chitokosi. Pomwe simukumvetsa za mlandu, a Legal Aid Bureau ndi alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, omwe amayendera ndende, alipo kuti athandize anthu opanda ndalama za loya.

Thupi liyambe lachira

Musamuthamangitsire kuganyu m'mawa wotsatira. Mu 2009 khoti lalikulu, poweruza mlandu womwe mkaidi wina dzina lake Gable Masangano anasumira boma, linanena poyera kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi kusowa kwa mpweya wabwino m'zipinda ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndi m'malo otero momwe m'bale wanu wachokera. Mwina wagona zaka pa shamba, ndiko kugona chokhala, mawondo a mnzako ali m'nthiti mwako. Wadya nsima yamgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, nthawi zambiri kamodzi patsiku.

Mupite naye kuchipatala cha Kawale, cha Area 25 kapena ku Bwaila akayezetse chifuwa chachikulu, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku kapena wawonda kwambiri. Kuyeza ndi mankhwala ndi zaulere, ndipo mankhwalawo amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Ngati amamwa ma ARV, afike ndi buku lake lakuchipatala kuti apitirize kulandirira pafupi asanathe omwe watuluka nawo. Mphere nazo zimabwera naye: zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa, ndipo onse ogona naye alandire mankhwala nthawi imodzi.

Palinso matenda osaoneka. Mwana wa achemwali anga ankadzuka mbandakucha n'kukhala tsonga pamphasa, kudikira kuwerengedwa. Ankadya mothamanga, dzanja lina litatchinga mbale. Chitseko chikamenyetseka ankanjenjemera. Musaseke zimenezi, ndipo ana muwaletse kumutchula kuti "wandende" ngakhale mocheza. Akamakhala masabata osagona, osayankhula, kapena akamanena kuti kuli bwino kufa, pitani naye kuchipatala msanga mukafotokoze mosabisa. Ku Bwaila kuli madokotala oona za maganizo.

Dziko lomwe analisiya linasintha

Munthu amene analowa mu 2021 sanagwirepo K5,000 yapepala limodzi, chifukwa inatuluka mu 2022. Chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 ndi 44 peresenti. Mitengo yomwe ili m'mutu mwake ndi yakale. Mukamupatsa malonda osamuzungulitsa kaye mumsika, adzagulitsa motchipa n'kumaganiza kuti wapindula. Yendani naye ku Nsungwi, ku Wakawaka kapena mumsika waukulu wa m'tauni, afunse yekha mitengo ya ufa, mafuta ophikira, misomali ndi matabwa, ailembe.

Chiphaso cha unzika chifufuzidwe msanga. Popanda icho sangalembetse nambala ya foni, sangatsekule Airtel Money kapena Mpamba m'dzina lake, ndipo kubanki sangamulandire. Ngati chinatayika kapena chinatha nthawi, pitani naye kuofesi ya NRB. Nambala yake ya foni ikhale yakeyake. Wojoba amafunika kupezeka, ndipo kasitomala satumiza ndalama kunambala ya mlamu.

Mpamba woyamba ndi dzina lanu

Apa ndipo pagona nkhani yonse, choncho ndichedwapo.

Mabanja ambiri amaganiza kuti chosowa chachikulu cha wotuluka kundende ndi ndalama. Nanenso ndinaganiza choncho. Tinasonkherana pachibale, tinamupatsa m'manja kuti ayambe bizinesi ya kaunjika. Patatha masabata atatu panalibe kanthu. Sanamwere mowa ayi. Ina anabweza ngongole yakale kwa munthu amene anabwera kudzaopseza pakhomo, ina inagula chimanga tsiku lomwe m'nyumba munalibe ufa, ina anabwereka anzake omwe anachita nawo manyazi kuwakaniza. Zovala zomwe anapikula zinagona m'thumba, chifukwa amayi a m'dera ankati akaima pabenchi pake, wina amawakoka chitenje n'kuwanong'oneza.

Chomwe ndende imalanda munthu ndi chikhulupiriro cha anthu. M'makomboni athu malonda onse amayenda pa chimenecho. Telala amasiyiridwa nsalu yaukwati. Mmisiri womanga amasiyiridwa matumba a simenti mwini nyumba ali kuntchito. Wa kabaza amapatsidwa njinga ya mwini m'mawa kuti abweze madzulo. Wogulitsa tomato amapatsidwa dengu pangongole kuti alipire akagulitsa. Munthu wochokera kundende zonsezi zimamutsekekera nthawi imodzi, ndipo ndalama sizitsekula. Chimatsekula ndi munthu wodziwika amene waima pambali pake n'kunena kuti, uyu ndi wanga, chikavuta mundifunse ine.

Nditazindikira zimenezi ndinapita naye kwa kalipentala wina wachikulire ku Mchesi, kumene mabedi ndi mipando zimandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Ndinati, "Bambo, uyu ndi mwana wa achemwali anga. Wachokera kundende, mlandu wake unali wakuba, chilango wamaliza. Kumeneko waphunzirako kupala ndi kulumikiza matabwa. Muyeseni mwezi umodzi. Chikasowa chilichonse pano, ine ndilipira, ndipo kwanga ndikulozerani."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatola thabwa lokhota n'kumupatsa chopalira. "Tawongola ili, mwana wanga, tione." Mnyamatayo anapala thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Atamaliza, mkuluyo anayendetsa chala pathabwalo, anatsinzina diso limodzi n'kuliyang'ana cham'mbali. "Ubwere Lolemba. Kiyi wa shedi sugwira. Tikaonana bwino, udzagwira."

Onani kuti sitinabise mlandu. Mukabisa, tsiku lomwe adzamve kwa ena adzamuchotsa, ndipo inunso dzina lanu lidzapita. Onaninso kuti mkuluyo sanapereke zonse tsiku limodzi, ndipo anachita bwino. Chikhulupiriro chimabwerera pang'onopang'ono: lero kutumidwa misomali ya ndalama zochepa n'kubweza chenji chokwana, mawa kukapereka mpando kwa kasitomala, mwezi wamawa kulandira ndalama m'malo mwa abwana. Kunyumbanso chitani chimodzimodzi. Musamabise chikwama moonetsera iye akalowa m'chipinda, chifukwa zimenezo zimabaya kuposa mpeni. Koma musamuyesenso ndi ndalama zambiri zosiyidwa patebulo. Mutumeni zinthu zenizeni, zazing'ono poyamba, ndipo akachita bwino munene anthu akumva.

Womuimira asakhale amayi ake okha, poti anthu amati mayi sangaone choipa pa mwana wake. Pezani munthu wina wolemekezeka: malume, mkulu wa mpingo, shehe wa pamzikiti, tcheyamani wa msika, mphunzitsi wopuma. Muuzeni zonse, avomere akudziwa chomwe akusenza.

Luso lomwe wabwera nalo

Mufunseni modekha zomwe ankachita kundende. M'ndende zina muli malo ophunzitsira ukalipentala, utelala, kuwotcherera zitsulo ndi kumanga. Amene anali kundende zaulimi ngati Mikuyu ku Zomba amadziwa dimba ndi ziweto. Ena analemba mayeso a MANEB ali konko, ndipo satifiketi yawo ndi yofanana ndi ya wina aliyense. Ena anaphunzira kumeta, kusoka nsapato, kuluka zikwama ndi zipewa, kuphika chakudya cha anthu mazanamazana pa moto umodzi. Mu 2016 chimbale chomwe akaidi a ndende ya Zomba anajambula chinafika popikisana nawo pa mphoto ya Grammy ku America. Luso lili m'makoma amenewa ndi lochuluka kuposa momwe timaganizira.

Bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi malo ku Balaka ophunzitsirako ntchito zamanja akaidi amene atsala pang'ono kubwerera kwawo. Ngati m'bale wanu anadzera kumeneko kapena kwina kotere n'kupatsidwa zida, zidazo musalole kuti zigulitsidwe ngakhale njala itavuta bwanji. Wogulitsa makina osokera amadya mwezi umodzi basi. Amene ali ndi luso koma alibe pepala akafunse ku TEVETA njira yoyesedwera kuti apeze satifiketi.

Dera lililonse lili ndi ntchito yake. Ku Biwi kuli magalaja ndi owotcherera, ndipo mnyamata wofuna umakanika amayamba ndi kutsuka zitsulo ndi kupatsira masipanala. Ku Mgona ndi ku Area 25 kuli pafupi ndi Kanengo, komwe nyengo ya fodya ndi yokolola kumapezeka maganyu osenza ndi kusankha mbewu. Ku Chinsapo ndi ku Area 23 anthu akumanga tsiku ndi tsiku, choncho wodziwa kuumba zidina, kukanda matope kapena kukhoma denga sasowa pogwira. Ganyu musainyoze. Imamuonetsa kwa anthu akugwira ntchito, ndipo ndi mmene dzina latsopano limayambira.

Zida, osati ndalama m'manja

Mukafuna kumuyambitsa bizinesi yakeyake, gulani zinthu, musapereke ndalama. Makina ometera ndi galasi. Chiwaya, mbaula ndi thumba la mbatata ya kachewere. Macheka, hamala ndi chopalira. Pitani naye kokagula, asankhe yekha, risiti lilembedwe m'dzina lake ndipo lisungidwe. Risitilo lidzamuteteza tsiku lomwe wina adzafunse kuti zida zimenezi wazitenga kuti.

Sankhani malonda omwe ndalama yake imabwera tsiku lomwelo ndiponso omwe kasitomala safunika kusiya katundu wake. Kumeta, kukazinga tchipisi, kusoka nsapato munthu akudikira, kugulitsa masamba. Ntchito zolowa m'nyumba za anthu zibwere pambuyo. Ngati kwanu anthu akumusala kwambiri, ayambire msika wa dera lina. Wa ku Kawale akhoza kukagulitsa ku Area 23, n'kumabwera kudzagona kunyumba.

Mugulireni kope ndi cholembera. Madzulo aliwonse mukhale naye pansi mphindi zochepa, osati ngati wapolisi wofufuza koma ngati mnzake wa bizinesi. Tiyerekeze kuti wapikula tomato wa K40,000 ndipo wagulitsa K52,000. Phindu si K12,000. Chotsani K3,000 ya kabaza wonyamula dengu, K1,000 ya majumbo ndi chiphaso cha msika. Yatsala K8,000. K40,000 ija si yake, ndi ya dengu lamawa, ndipo siyikhudzidwa ngakhale kubwere mlendo. Pa K8,000 yotsalayo agaweko ya ndiwo zapakhomo, ina asunge pafoni. Kuika ndalama ya ndiwo m'manja mwa mayi wa pakhomo, ngakhale yochepa, kumamubwezera ulemu womwe mawu otonthoza sangamupatse.

Inu a pabanja ndinu amene mumagwetsa bizinesi zambiri zotere. Mumatapa tomato pabenchi osalipira, mumabwereka mpamba wa maliro, mumati "si tinamupatsa ndife". Gwirizanani poyera kuti miyezi itatu yoyamba palibe wotenga kanthu ulere.

Banki m'khonde ndi yabwino, koma alowe kukasunga kaye, osati kukabwereka. Gulu likakayika, womuimira uja apite akalankhule. Katapila ayi, ngakhale zitavuta chotani. Chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ndalama yobwerekayo pamwezi, ndipo munthu wofinyidwa ndi ngongole ndi amene amayambanso kuganiza zachidule.

Malonda obwezera munthu kundende

Pali malonda omwe amaoneka opepuka ndipo ena akuwachita poyera, koma kwa munthu amene ali kale ndi mbiri kupolisi ndi msampha. Kugula foni, TV kapena njinga yopanda risiti kwa munthu wobwera nayo usiku ndi mlandu wolandira katundu wakuba. Wogula zitsulo zakale akane mawaya a ESCOM, mamita a madzi ndi zitsulo za pamilatho. Makala opanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lamulo la nkhalango litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zinakula. Chamba, mafuta agalimoto a m'zigubu, mankhwala a m'chipatala cha boma, kusintha ndalama zakunja pamsewu, zonsezi ayi. Kugulitsa m'malo omwe khonsolo ya mzinda inaletsa kumathera polandidwa katundu, ndipo mpamba wake ndi umodzi wokha.

Wofuna kabaza wa njinga yamoto akhale ndi laisensi ndi chipewa, njingayo ikhale yolembetsedwa, ndipo pangano la ndalama yopereka kwa mwini tsiku lililonse lilembedwe pamaso pa mboni.

Anzake akale adzabwera. Ena ndi abwino, ena ndi omwe anamuthawa pa mlandu. Simungamutsekere m'nyumba munthu wamkulu, koma tsiku lodzaza ndi ntchito limachepetsa nthawi yokhala pa shabini.

Pofunsira ntchito yolembedwa

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 29, amapereka kwa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kuchita malonda paliponse m'Malawi. Wotuluka kundende sanachotsedwemo. Komabe makampani ambiri, makamaka a zaulonda ndi ogwira ndalama, amafuna kalata yakupolisi yosonyeza mbiri ya munthu, ndipo zidindo za zala sizinama. Asagule kalata yachinyengo, umenewo ndi mlandu wina. Akonzekere mawu ochepa oona: ndinalakwa chakuti, chilango ndinamaliza chaka chakuti, kuchokera pamenepo ndagwira ntchito kwa akuti, nambala yawo ndi iyi. Kalata ya mmisiri amene wamusunga miyezi 6 ndi ya abusa kapena amfumu zimalemera kuposa kulumbira.

Amene analakwiridwa, ndi amayi otuluka

Kumaliza chilango cha boma sikuchotsa chilonda mwa amene anaberedwa kapena kuvulazidwa, ndipo m'komboni mumakumana pachigayo. Ngati n'kotheka, akuluakulu a mbali zonse akonze zoti akapepese pamaso pa amfumu kapena a mpingo. Wolakwiridwa akakana, musamukakamize. Ndipo ndinene mosapsatira: ngati mlandu unali wogwiririra kapena wozunza mwana, asapatsidwe ntchito yokhala ndi ana, asagone nyumba imodzi ndi amene anamulakwira. Kuthandiza m'bale sikutanthauza kuika ana pachiswe.

Mayi wotuluka kundende amapeza zovuta kuposa bambo. Kawirikawiri mwamuna anakwatira wina, ana anagawidwa kwa achibale, ziwiya zinamwazikana. Anthu amakhululukira mwamuna msanga, koma mkazi amamusala ngakhale kumaliro pophika. Amayi a mvano, a chigwirizano kapena a dawa, muitaneni pamoto, mupatseni mthiko. Ana abwerere kwa iye pang'onopang'ono, akapeza pogona ndi kabizinesi, ndipo katundu wake amene munasunga mumubwezere osadikira kuti achite kupempha.

Katundu akasowa m'dera

Konzekerani tsiku ili chifukwa lidzafika. Nyumba ina ikathyoledwa, dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala lake. M'mizinda yathu anthu aphedwapo ndi gulu chifukwa chongoganiziridwa, choncho musachedwe. Asathawe, poti kuthawa kumaoneka ngati kuvomera. Asatsutsanenso ndi gulu payekha. Itanani amfumu ndi a komiti ya chitetezo cha m'dera, ndipo ngati apolisi akumufuna, pitani naye nokha masana pamodzi ndi womuimira uja. Womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito nthawiyo ikatha. Tengani kope lake la malonda, malisiti a zida ndi nambala ya abwana ake.

Kwathu zinachitika mwezi wachisanu. Kunyumba yachitatu kuchokera kwathu kunabedwa wailesi ndi matilesi Loweruka usiku, ndipo pofika m'mawa anthu anali atadzaza pampanda wathu. Mnyamatayo anakhala pakhonde, manja ali pamutu, n'kunena motsitsa, "Malume, ndibwererenso kumene kuja?" Ndinatuma mwana kukaitana amfumu, ine n'kuimbira foni ku Mchesi. Mkulu uja anafika pa kabaza, utuchi uli m'tsitsi. Anauza gululo kuti usiku wonsewo anali ndi mnyamatayo kushedi, akukhoma bokosi la maliro lomwe eni ake analitenga mbandakucha, ndipo anatchula mudzi womwe malirowo anapita. Kenaka anapisa m'thumba la ovolosi, anatulutsa kiyi womangidwa pachingwe chabuluu, anamupatsa anthu onse akuona. "Mawa ndipita ku Dedza kukagula matabwa. Ukatsekule ndiwe."